Nkhope ya Amake Tadala

Moni nonse amene mwakhala pa mabenchi pa msonkhano uno wa ofuna kusiya mowa, ndi inunso mwaima pakhomopo ngati mukudikira mpata wothawira. Musachite manyazi, nanenso tsiku langa loyamba ndinaima pomwepo, phazi limodzi lili panja. Dzina langa ndine Lameki, telala wa pakhonde pafupi ndi msika wa pa Boma pano. Ena mumandidziwa chifukwa ndinasokera ana anu mayunifolomu. Ena mumandidziwa chifukwa tinkagona limodzi m'ngalande. Nonse ndinu abale anga.

Kulalikira sindikutha, ndipo sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzanena m'mene mowa unandilandira nkhope ya mkazi wanga, ndi m'mene ndinaipezeranso.

Kupatula kusoka, ine ndimakonda kujambula pamanja. Si ntchito yodyera ayi, ndi matenda chabe amene ndinabadwa nawo. Tinalipo kagulu ka odwala matenda amenewa, ndipo Loweruka lililonse masana tinkakumana kuseri kwa shopu ya a Shaibu, bambo wachikulire amene amagulitsa zipangizo za njinga pafupi ndi mzikiti. Katswiri panalibe. Wina anali wa kabaza, wina mlonda, ndiye panali mayi Gondwe, mphunzitsi wa ku Dwangwa, amene ankakwera minibasi ulendo wonsewo atakumbatira chithunzi chawo ngati khanda. A Shaibu eni ake ankajambula ngalawa za matanga, zitseko zakale ndi mitengo ya migwalangwa, koma munthu ayi. Ankati chipembedzo chawo sichiwalola kujambula nkhope, ndipo ife sitinkawavuta nazo.

Tinali ndi mwambo wathu. Pakhoma la kuseri kwa shopuyo aliyense anali ndi msomali wake. Ukabwera ndi chithunzi unkachikoleka chitayang'ana kukhoma. Nthawi yako ikakwana unkachitembenuza, n'kukakhala pa chitini cha penti chozondotsa chimene chinkakhala pakati pa bwalo. Ukakhala pa chitinicho pakamwa pako patsekeka. Anzako anene zonse zimene akuona, zokoma ndi zowawa zomwe, iwe osayankha, osadziteteza, osafotokoza kuti ndimafuna kutere. Onse akatha umangoti, "Zikomo, ndamva." Lamuloli analiika ndi a Shaibu, chifukwa ankati mwini chithunzi akayamba kulankhula, anthu amasiya kuyang'ana chithunzi n'kuyamba kuyang'ana iyeyo.

Ine pa chitini ndinkakhala monyada, ndisaname. Ndinkatha nkhope. Ndinajambula amayi ogulitsa usipa, akabaza akukangana, ana akusambira, ndipo anthu ankazindikira kuti uyu ndi uje. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamujambule, mkazi wanga Esinati, amake Tadala, amene ankagulitsa mpunga mumsika. Ankandiseka kuti ndamaliza tauni yonse mpaka agalu, nanga iwo ndiwajambula liti. Ine ndinkayankha kuti, "Inu muli pompano, mupita kuti?"

Anapita. Chinali chaka cha mvula yambiri, anadwala malungo amene tinkayesa kuti ndi achizolowezi, ndipo sabata isanathe tinali kumanda.

Maliro atatha anthu anabalalika monga mwa nthawi zonse. Nyumba inakhala zii. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, ankapita kusukulu, ine ndinkatsala ndi makina ndi mpando umene mayi ake ankakhalira posankha mpunga. Ndinapitiriza kujambula ndithu, ndipo Loweruka ndinkapita kwa a Shaibu. Ndinkaona ngati ndikulimba mtima.

Tsiku lina nditatembenuza chithunzi changa cha kudooko la nsomba n'kukhala pa chitini, mayi Gondwe anachiyang'ana nthawi yaitali. Iwo amanditchula kuti Ada Lameki, mwa kwawo kumpoto.

"Ada Lameki," anatero, "chiyambire maliro aja, anthu a m'zithunzi zanu onse atifulatira. Ndikuona misana ndi makosi okhaokha. Nkhope zapita kuti?"

Anali kunena zoona, koma ine ndinali ndisanazindikire, ndipo zoonazo zinandibaya pa bala. Ndinaimirira pa chitini. Ndinawauza kuti munthu wojambula maluwa a pa nsalu ya patebulo sangandiphunzitse kanthu, kuti akanene zimenezo kwa ana awo a sitandade wanu. Ndinanena zinanso zimene sindingabwereze pano. A Shaibu anangoti modekha, "Chitini, a Lameki." Ine ndinachimenya theche chitinicho, n'kukolola chithunzi changa, ulendo. Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinamuyesa mdani.

Loweruka lotsatira masana anandikulira. Munthu wozolowera kupita kwinakwake miyendo imamuyabwa. Ndinadutsa pa shabini ina ya kumunsi kwa msika, kumene kuli mpanda wa bango, ndipo wina anandiitana kuti ndidzangolawa. Zotsatira zake mukuzidziwa, sinditaya nthawi. Kabotolo kamodzi kanabala mabotolo. Loweruka linabala sabata yonse. Nsalu za makasitomala zinayamba kuchedwa, zina ndinazidula molakwika, diresi la mkwatibwi wina ndinalisoka manja osiyana kutalika. Anthu anasamukira kwa matelala ena. Ndinagulitsa mabulashi ndi penti. Ndinagulitsa wailesi. Makina osokera anatuluka m'nyumba pa kabaza ine ndikuwathandiza kumanga. Amalume ake a Tadala anabwera kuchokera kumudzi kwa Malengachanzi, anayang'ana m'nyumba, sanandikalipire n'komwe, anangouza mwana kuti alongedze zovala. Tadala potuluka sanacheuke. Nayenso ndinamuona msana.

Anzanga a kwa a Shaibu ankanditumizira mauthenga pa foni, zithunzi zawo zatsopano, kundifunsa kuti ndili kuti. Sindinkayankha. Ndikaona mkanjo woyera wa a Shaibu patali ndinkakhota njira.

Kenako ndinagulitsa foniyo. Anagula ndi mnyamata wina wapaulendo amene ndinakumana naye pa shabini, ndipo zimene anandipatsa zinathera pomwepo dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake ndinadzuka ndi matsire, n'kupisa m'thumba monga ndinkachitira m'mawa uliwonse kuti ndione amake Tadala. M'thumba munalibe kanthu. Abale anga, zithunzi zonse za mkazi wanga zinali m'foni imeneyo. Za pa ukwati wa mchemwali wawo, za mumsika, china akuseka atanyamula Tadala. Sitinatsukitsepo ngakhale chimodzi, tinkati tidzatsukitsa. Ndinathamanga ku siteji ya maminibasi, ndinafunsa aliyense, koma mnyamatayo palibe amene ankamudziwa.

Ndinadzitonthoza kuti nkhope ya mkazi wako sungaiwale. Bodza limenelo. Mowa umafufuta pang'onopang'ono. Ndinkati ndikatseka maso ndinkaona chitenje chawo chobiriwira, beseni la mpunga pamutu, khosi, kayendedwe kawo popita kumsika. Ndikati acheuke, pamalo pa nkhope panali ngati nsalu yosuluka. Ndinayesa kujambula ndi khala pansi, panatuluka mlendo. Kusungulumwa ndinali ndikukudziwa kale, koma uku kunali kwina. Mkazi wanga anandifera kachiwiri, ndipo ulendo uno wowapha ndinali ine. Ndinamwa kuposa kale.

Mayi eni ake a shabini ija atamva kuti ndimajambula, anandiuza kuti ndiwakongoletsere khoma la nyumba yawo, la mkati mwa mpanda, ndijambule anthu akumwa ndi kuvina, iwo azindipatsa kachasu. Ndinavomera msangamsanga. Anandipatsa zotsala za penti ya zitseko, ine n'kuisungunula ndi palafini. Bulashi ndinalibe, ndinatafuna kamtengo n'kumagwiritsa ntchito ndi kansanza. Ndinadzaza khoma lonselo ndi anthu, ndipo onse anali ofulatira. Zidakwa zinzanga zinkaseka kuti anthu a Lameki akuthawa apolisi. Kumapeto kwa khomalo, pakona, ndinajambula mayi wa chitenje chobiriwira atasenza beseni. Palibe anandituma. Ndinkakhala pansi pake ndikamamwa, kuti ndisakhale ndekha.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene zinatembenukira.

Linali Loweruka, dzuwa litakwera. Ndinali nditakhala pansi pa khoma lija, manja akunjenjemera, ndikudikira kuti wina andigawire kodzutsira thupi. Ndinamva chinthu chikugubuduka pa mchenga, ngati chitsulo. Chinabwera n'kudzaima pafupi ndi mapazi anga. Chinali chitini cha penti, chokhala ndi chibowo pambali pamene ndinachimenya theche.

Nditadzutsa mutu ndinaona mayi Gondwe akulowa, chikwama chawo chili pachifuwa, kumbuyo kwawo anzathu ena a gulu lija. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi Gondwe anadutsa pamenepo pa kabaza, n'kuona khomalo pamwamba pa mpanda, ndipo anadziwa dzanja langa ndi misana ija. Pa chipata panaima a Shaibu ndi mkanjo wawo woyera. Sanalowe. Munthu uja chibadwire sanapondepo pamalo a mowa, ndipo anaima pamene pathera msewu, zala za mapazi zili pa malire enieni. Ndi iwo amene anagubuduza chitinicho.

Zidakwa zinaika makapu pansi. Mayi a shabini anatuluka akupukuta manja, kuyesa kuti kwabwera boma.

"Khoma silingabwere pa msomali," anatero a Shaibu. "Ndiye tabwera ife. Khalani pa chitini, a Lameki."

Ndinafuna kutukwana, ndinafuna kuthawa. Ndinazondotsa chitini n'kukhalapo.

Ndinkayembekezera ulaliki. Ndinkadziwa kale mawu ake, onse ondiona ankanena omwewo, zakuti taonani m'mene mwathera, ganizirani mwana. Koma iwo za ine sananene kanthu. Anayang'ana khoma. Wa kabaza uja anati miyendo ya wovina wapakati ndi yaifupi, akuoneka ngati wamira m'matope. Mlonda anati penti ndaisungunula kwambiri, ikuyenderera, mvula ikangobwera kawiri zonse zichoka. Mayi Gondwe anayenda kuchokera kuyamba kwa khoma mpaka kumapeto, n'kunena kuti kumanzere mizere ndi yolimba, koma ikamapita kumanja ikunjenjemera, ndipo munthu angathe kuwerenga pakhomapo kuti dzanja linkafooka tsiku ndi tsiku. Anatinso mtundu wa thambo ndi wabwino, sakudziwa kuti ndaupeza bwanji ndi penti ya zitseko.

Mwina simungamvetse, koma misozi inayamba pamenepo. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanalankhule nane ngati munthu wodziwa kanthu. Ena ankandinyoza, ena ankandimvera chisoni, ndipo chisoni chimawawa kuposa chitonzo. Awa anabwera kudzanditsutsa miyendo ya wovina, ngati kuti ine ndikadali Lameki amene angathe kuikonza.

Otsiriza anali a Shaibu. Analoza ndi ndodo ya ambulera ali pa chipata pomwepo.

"Mayi wa beseniyo ndi amake Tadala. Ndawadziwa ndi phewa la kumanzere, linali lotsika chifukwa cha katundu. Mwawatha bwino." Anatsitsa ambulera. "Koma a Lameki, ine muno sindinalowemo. Iwonso moyo wawo wonse sanalowemo. Mwawalowetsa ndinu, ndipo mwawasiya ataimirira pamene anthu amatayira madzi."

Kunena zoona, pakona imeneyo ndi pamene amuna ankakodza.

Onse anali atatha. Inali nthawi yanga yoti ndinene mawu a mwambo aja, koma sanatuluke. Chimene chinatuluka ndi chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu.

"Nkhope yawo ndaiiwala," ndinatero. "Zithunzi ndinamwera. Ndikatseka maso sakucheuka."

Kenako mayi Gondwe, amene ndinawanyoza pamaso pa anthu aja, anati, "Mwaiwala ndinu, Ada. Ife mpunga tinkagula kwa iwo. Bwerani nayo Loweruka, ngakhale ikhale yolakwika."

Musaganize kuti ndinanyamuka pa chitinipo ndili mngelo. Tsiku lomwelo ndinamwanso. Koma m'mawa mwake ndinapempha laimu kwa amisiri ena omanga, n'kukafufuta mayi wa beseni uja pakhoma. Mayi a shabini anakalipa kuti ndawaonongera khoma. Ndinawauza kuti ovinawo ndi awo, koma uyu ndi wanga, ndikupita naye.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndinene mwachindunji, mwina zingathandize wina. Choyamba ndinapita kuchipatala. A Shaibu anandiperekeza, ndipo ndinauza adokotala zoona zake za kamwedwe kanga, osachepetsa. Anandichenjeza kuti thupi lozolowera kachasu ukalisiyitsa wekha mwadzidzidzi limatha kukugwetsa, ndiye anandithandiza masiku oyipa oyambirira aja. Inu amene manja akunjenjemera pano, musalimbane nazo nokha m'nyumba. Ndinasinthanso njira. Kuchokera kwathu kupita kumsika njira yachidule imadutsa pa mpanda wa bango uja, ndipo mpaka lero ndimazungulira cha ku mzikiti ngakhale kukhale dzuwa lotani. Telala mnzanga wina anandilola kukhala pa makina ake achiwiri, ndinayambira kusoka zigamba ndi mazipi ngati wophunzira. Manyazi analipo, koma manyazi sapha munthu.

Ndinagwanso kamodzi, pa maliro a mnzathu wina, ndipo Loweruka lake ndinafuna kubisala. Ndinapitabe kwa a Shaibu, ndikununkha. Msomali wanga ndinaupeza uli pomwe unali, wachita dzimbiri, palibe anakolekapo kanthu nthawi yonse ija.

Chinandigwira kwenikweni ndi ntchito ya nkhope. Ludzu la mowa limandipeza chakumadzulo ndikaweruka, ndiye nthawi imeneyo ndinkatenga khala ndi katoni ya sopo n'kuyamba. Loweruka ndinkakoleka, n'kutembenuza, n'kukhala pa chitini. Yoyamba anaiseka, nanenso ndinaseka, inkaoneka ngati mlongo wake wa munthu wina. Mayi Gondwe anati mano akutsogolo anali ndi kampata. Wa kabaza anati masaya ndawakulitsa, amake Tadala anali ndi chibwano chosongoka. Sabata ina anakangana okhaokha za mphuno mpaka a Shaibu anawaletsa. Ine ndili phee pa chitini, ndikutola. Chilichonse chimene ankanena chinkadzutsa china m'mutu mwanga, ndipo ndikabwerera kunyumba ndinkakumbukira ndekha kachipsera ka pachipumi, kamene anakapeza akali mwana.

Maso ndi amene anativuta. Ndinawajambula kambirimbiri, onse akufa. Tsiku lina a Shaibu anati iwo nkhope sajambula, koma kukumbukira sanaletsedwe. Anati amake Tadala kasitomala akamanenerera mtengo ankatsinzinira pang'ono diso la kumanzere, ngati akumuuza kuti ndakuona kale. Nditamva zimenezo ndinagwira chitini ndi manja onse awiri. Diso limenelo ndi limene ankandiyang'ana nalo akamafunsa kuti ndiwajambula liti. Pamenepo m'mutu mwanga amake Tadala anacheuka. Ndinawaona bwinobwino, kwa nthawi yoyamba chigulitsireni foni ija.

Ndinaijambula pa nsalu yoyera yotsala, ndi penti imene anzanga anandigawira. Gulu litaiona linati yatha. Koma panali munthu mmodzi amene mawu ake ndinkawaopa kuposa a onsewo.

Ndinakwera kabaza kupita kwa Malengachanzi chithunzi nditachikulunga m'chitenje. Amalume ake a Tadala anandilandira mwaulemu koma mosasangalala, ndipo ndinawamvetsa. Tadala anabwera kuchokera kudimba, wakula, watalika ngati mayi ake. Anagwada patali n'kundipatsa moni wa mlendo. Ndinatsamiritsa chithunzi pakhoma chitafulatira, n'kuchitembenuza. Chitini panalibe, ndinakhala pa mtondo wogona umene unali pabwalo, n'kutseka pakamwa.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaona msana wake wokha, ndipo ndinkaopa kuti afunsa kuti ameneyu ndi ndani. Anasendera pafupi, n'kuika chala pamwamba pa mutu.

"Ababa," anatero osacheuka, "duku amayi samamanga chonchi. Mfundo imakhala kumbali."

Za nkhope sananenepo kanthu. Ankangoisisita ndi chala pa tsaya, ndipo anati samamanga, osati sankamanga, ngati mayi ake ali kumsika abwera madzulo. Kenako anacheuka n'kundiyang'ana, misozi ikulengeza m'maso, kudikira kuti ndinena chiyani.

"Zikomo," ndinatero. "Ndamva."

Duku ndinakonza tsiku lomwelo iye akundilozera. Chithunzicho chili kwa iye, ndi chake. Tadala sanabwerere kwathu, amalume ake akuti ayambe aona chaka chino m'mene chithere, ndipo sakulakwa. Nyumba yanga ikadali zii, ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha, ndipo masiku ena ludzu limabwera n'kukhala nane pakhomo. Kali kokha n'kanyama, abale anga, ine ndinakhalapo kanyama ndipo ndikudziwa. Ngati pali anthu amene anakuuzani zoona inu n'kuwathawa, mwina msomali wanu sanauzule. Pitani mukaone.

Ine Loweruka likubwerali ndili ndi chithunzi china chokakoleka. Ndi cha Tadala. Ulendo uno sindinadikire.